Nyimbo zakale zikuwabwezera mawu amuna anga, koma ine zandiika pa mpanipani

Okondedwa Agogo,

Landirani moni kuchokera kuno ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Ndine mayi wa zaka 57, wa ana anayi, ndipo ndili pabanja kuyambira 1991. Nkhani yanga ndi ya nyimbo, koma chonde musaipeputse, chifukwa yafika pondisowetsa tulo komanso kundidanitsa ndi abale a amuna anga.

Chaka chatha bambo a kunyumba anadwala sitiroko. BP inakwera usiku, ndipo pomwe timafika nawo kuchipatala n'kuti dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa kale. Chifukwa cha mafizo mwendo wayamba kumvera, moti amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda mpaka pakhonde. Chomwe chinakana kubwerera ndi mawu. Munthu yemwe ankacheza mpaka alendo kuiwala zonyamuka, anatsala ndi "eya", "ayi" ndi "zikomo" basi. Akafuna kutchula chinthu mumachita kuona m'maso kuti akuchidziwa, koma lilime limakana, ndiye amakhumudwa n'kutembenukira kukhoma.

Mwana wathu wachisamba akukonza m'chipinda chosungiramo katundu anapeza katoni yodzadza ndi makaseti, pamodzi ndi wailesi yakale yomwe malemu apongozi anga aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni m'masiku a TEBA. Ine ndinali nditaiwala kuti zinthuzi zilipo. Mwanayo anapita nayo wailesiyo kwa amisiri a kumsika waukulu wa Lilongwe, anaisintha lamba n'kuipukuta mkati, ndipo inayambanso kulira.

Kuti mumvetse, Agogo, makaseti amenewa si ogula m'sitolo okhala ndi chithunzi cha woimba. Ndi a TDK ndi Sony, a C60 ndi C90, omwe amuna anga ankajambula okha ali mnyamata cha m'ma 1980. Inu mukukumbukira mmene zinalili. Wailesi ya dziko lino inali imodzi yokha, ya MBC. Radio 2 inabwera mu 1997, kanema wathu mu 1999. Mnyamata wokonda nyimbo ankakhala pambali pa wailesi chala chili pa batani, kudikira kuti nyimbo yomwe akuifuna ilire, ndipo usiku ankasakasaka BBC ndi mawailesi ena akunja pa shortwave, mabatire atawayanika padzuwa masana onse. N'chifukwa chake nyimbo zambiri pa makasetiwa zimayambira pakati, zina muli mawu a muulutsi akupereka moni kwa anthu, zina phokoso limakwera n'kutsika ngati mphepo ya Chiperoni.

Zina mwa nyimbozi n'zodziwika mpaka lero. Muli za gulu la ku London la Dire Straits za mu 1985, muli za Toto za mu 1982, muli za Yvonne Chaka Chaka ndi Brenda Fassie zomwe tinkavina pa maukwati. Muli za kwathu konkuno, za Kalimba ndi Makasu, magulu omwe ankaimba ndi magitala amagetsi. Koma zochuluka ndi zija zinkalira miyezi iwiri kapena itatu kenako n'kuzimiririka, zomwe lero palibe wailesi imaziika, ngakhale m'mapologalamu a nyimbo zakale. Ine ndemwe ndikazimva mtima umadumpha, ndimapezeka ndikudziwa mmene ziimbikire kutsogolo, koma dzina la woimba silibwera.

Makaseti ena alibe ndi chilembo chomwe. Pa imodzi tinapezapo "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel, ija inaletsedwa m'nthawi ya Kamuzu chifukwa cha dzina la Mama Cecilia Kadzamira. Ndinawafotokozera ana kuti masiku amenewo munthu sankalemba chilichonse pa kaseti yotere, chifukwa sunkadziwa kuti aione ndani. Anadabwa kwambiri kuti nyimbo ya chikondi ingamuike munthu m'mavuto. Mantha amenewo ndi omwe atisiyira makaseti opanda mayina.

Tsiku lomwe tinawaikira koyamba sindidzaliiwala. Anali pakhonde mutu uli pansi. Gitala atangoyamba anadzutsa mutu, dzanja lakumanzere linayamba kumenya pa bondo, ndipo pofika pa kolasi anaimba. Anaimba mawu enieni, Chingerezi chomveka bwino, mizere yathunthu, munthu yemwe amalephera kupempha madzi akumwa. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Nyimbo itatha mawu anathawanso, koma kuyambira pamenepo timawaikira tsiku lililonse, ndipo pang'onopang'ono mawu ena ayamba kutsala. Pano amatchula mayina a ana awiri, amanena "tiyi", amanena "bwera". Nditamuuza wa mafizo, anati zimachitika kwa ena odwala sitiroko kuti kuimba kumatsala pomwe kuyankhula kwavuta, ndipo anandilimbikitsa kuti ndisasiye.

Vuto loyamba ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a bambo a kunyumba. Amakhala ku Kawale ndipo amabwera Loweruka lililonse kudzazonda. Ndimawalemekeza, anathandiza kwambiri nthawi yomwe tinali m'chipatala, ndipo mlongo wawoyo amamukondadi. Koma atapeza wailesi ikulira anakwiya koopsa. Akuti munthu yemwe Mulungu wamuchenjeza chotere ayenera kumva nyimbo zauzimu zokha, osati za kudziko. Akuti rock ndi ya satana, ndipo ine ndikumutsekera mlongo wawo njira ya kumwamba. Afika pouza abale kumudzi ku Mitundu kuti nyumba ya wodwala ndaisandutsa bala. Ulendo wapitawu ananena kuti akadzaipezanso katoniyo adzaitentha, ndipo ndamva kuti nkhaniyi aitula kale kwa ankhoswe.

Agogo, ine ndine mkhristu, ndipo amuna anga anali wa kwaya zaka zambiri. M'mawa ndi madzulo timapemphera ndi kuimba nyimbo za m'buku. Amamvetsera, nthawi zina amang'ung'udza, koma mawu satuluka ngati mmene amachitira ndi za pa makaseti. Sindinasankhe ndine kuti zikhale choncho. Nyimbozi ndazimvetsera mofatsa, zambiri zimakamba za chikondi, kusowana, ntchito ndi maulendo, ndipo sindinamvemo mawu onyoza Mulungu. Ndinawapempha alamuwo kuti akhale pansi amve okha mlongo wawo akuimba, koma anakana, akuti makutu awo sangawaipitse. Zimandipweteka kuti chinthu chokhacho chomwe chawatulutsa bambowa mu chete uja ndi chomwe ndikuimbidwa nacho mlandu.

Vuto lachiwiri ndi lomwe sindinauzeko munthu kupatula ana anga aakulu, ndipo ndi lomwe landipangitsa kulemba kalatayi.

Mwa makaseti onse, pali imodzi yomwe amailoza kuposa ina iliyonse. Ndikaika ina amapukusa mutu mpaka nditaika imeneyo. Zolemba za pa kasetiyo si za dzanja lawo. Ndi za mkazi, walemba 1986, dzina lawo ndi lake, ndi mawu ochepa achikondi. Mayiyo ndimamudziwa. Anali chibwenzi chawo asanakumane nane, amuna anga atangoyamba ntchito ya ukalaliki ku Capital Hill, ndipo iwo anandiuza okha za iye tisanakwatirane. Palibe choipa chinachitikapo m'banja mwathu chokhudza iye, ndipo sindikuwanamizira kanthu. Komabe mtima ndi mtima, Agogo. Ndine ndimawasambitsa, ndine ndimawatembenuza usiku, ndine ndimawadyetsa phala, koma mawu awo akubwerera kudzera m'nyimbo zomwe anawasankhira wina. Mayina a ana akuwatchula, langa sanalitchulebe. Ndimaika kasetiyo chifukwa ndikufuna achire, kenako ndimapita kukhitchini kuti asaone nkhope yanga. Nthawi zina ndimadziuza kuti chomwe akukumbuka ndi unyamata wawo, masiku omwe miyendo inali yolimba ndipo mayi awo anali moyo. Nthawi zina maganizo amenewo samandikwanira.

Tsono kasetiyo ikutha. Inakhala zaka zambiri pamalo a chinyontho, riboni yake inachita chuku, ndipo wailesi yaidyapo kangapo. Timaipukusa ndi bolopeni, pomwe inaduka tinalumikiza ndi selotepi, koma mbali yachiwiri ikumveka mokoka ndipo malo ena mawu anafufutikiratu. Mwana wanga anajambula zonse pa foni kuti zisatayike. Pogwiritsa ntchito Shazam, pologalamu ya pa foni yozindikira nyimbo, anapeza mayina a nyimbo zambiri, n'kuzitenga pa YouTube zomveka bwino, ngakhale bandulo inatidyera ndalama. Zatsala zitatu zomwe foni ikulephera kuzizindikira. Imodzi ndi yakunja, koma muulutsi akuyankhula pamwamba pake ndipo phokoso lachuluka. Ziwirizo zikumveka kuti ndi za kuno, anyamata oimba Chingerezi cha kwathu ndi magitala olira mwamphamvu. Masiku amenewo magulu ambiri ankajambulitsa nyimbo ku situdiyo za MBC, ndipo nyimbo yambiri inkathera pa wailesi pompo osafika m'sitolo. Tafunsa anyamata oika nyimbo m'mafoni ku Nsungwi ndi m'tauni, onse akuti sanazimvepo. Ndipo mwa zitatuzo muli ija amuna anga amaimba ndi mphamvu kuposa zonse, yomwe ikafika pamalo owonongeka amaima n'kundiyang'ana ngati ndingaikonze.

Anthu omwe akanatithandiza akutha. Wambali Mkandawire anatisiya mu 2021, Lucius Banda mu 2024, ndipo anzawo a amuna anga omwe ankabwerekana nawo makaseti ambiri anatsogola. Mwini wake akuzidziwa nyimbozi koma sangathe kutiuza. Watsala munthu mmodzi yemwe ndikukhulupirira kuti angakumbukire, ndiye uja anajambula kasetiyo. Ali moyo, ndi namfedwa, amakhala mumzinda momwe muno, ndipo kumupeza sikungavute.

Mwana wanga wamkazi akuti ndipite, ndikamufotokozere mmene zilili, ndi mayi wamkulu amvetsa. Wamwamuna akukana, akuti ndidzutsa zogona, ndipo azakhali ake akamva adzati ndayamba kuitanira zibwenzi zakale m'nyumba ya wodwala. Iye akufuna aike zidutswa za nyimbozo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a anthu okonda nyimbo zakale kuti wina azizindikire. Apanso ndili ndi nkhawa. Ndimamva kuti kuli bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za oimba, ndipo sindikufuna tipezeke tikumwaza nyimbo za eni popanda chilolezo, makamaka ngati oimbawo anamwalira n'kusiya ana. Ngati pali njira yoyenera yofunsira ku wailesi kapena ku bungweli, ndingakonde kuidziwa.

Ndithandizeni, Agogo. Pa bwalo la ankhoswe ndikanene chiyani kuti alamu anga asaone ngati ndikuwanyoza iwo kapena chikhulupiriro chawo, pomwe makasetiwo sindingalole kuti atenthedwe? Katoniyo ndaibisa kwa mnzanga, koma kubisa zinthu m'nyumba mwanga momwe sikundisangalatsa. Nanga kwa mayi uja ndipite? Ndikapita, iye n'kunena kuti akufuna adzawaone bambowa, ndidzayankhe bwanji? Ndipo amuna anga, omwe amamva zonse ngakhale sangayankhe bwino, ndiwauze kuti kasetiyi imandipweteka, kapena ndipirire mpaka mawu awo atabwerera mokwanira kuti tikambirane ngati anthu awiri?

Ankhoswe akuti tikumane kumapeto kwa mwezi uno. Chonde ndiyankheni tsikulo lisanafike.

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe