Kwa eni garaja amene munandiikira ma projector: nyali zanu zikuthobwa anthu m'maso pa M1

Abwana, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa makomo ena onse mwatseka. Foni simukuyankha, pa WhatsApp mauthenga anga sakudutsanso, ndipo ndemanga yomwe ndinaika pansi pa kanema wanu wa galimoto yowala buluu ija munaifufuta usiku womwewo. Iyi ndaisunga pena. Mukaifufutanso ipita m'magulu a madalaivala.

Ndine mwini Probox yoyera ija, imene inagona pa garaja yanu mutachotsa nyali zonse ziwiri za kutsogolo. Ntchito yanga mukuidziwa chifukwa ndinakuuzani: ndimatenga tomato, kabichi ndi kachewere ku Lizulu ndi ku Bembeke, ndipo katundu amayenera kufika pa msika wa Wakawaka kusanache. Ulendo wanga wonse ndi wa mumdima, pa M1, pomwe m'mbali mwa msewu mumadzaza a kabaza opanda nyali, amayi osenza madengu, ngolo za ng'ombe ndi mbuzi. Nyali zomwe galimoto inabwera nazo, za mababu a H4, zinali zitatopa, ndipo ndinabwera kwa inu ndi pempho limodzi, loti ndiziona bwino m'mphepete mwa msewu. Munandiuza kuti mankhwala ake ndi ma projector, timagalasi tozungulira tolunjikitsa kuwala toikidwa m'kati mwa nyali, ndi mababu owala kwambiri otchedwa HID, kuti katundu wanu ndi orijino, ndipo pakavuta chilichonse ndingobwera. Ndinalipira K420,000 ya pa foni, uthenga wotsimikiza ndili nawo.

Chiyambireni kuyenda ndi nyali zanuzi, palibe galimoto yomwe ndakumana nayo yosandiphethirira. Ine ndili pa dimu, koma mnzanga wochokera kutsogolo akuyesa ndamukanikizira fulu. Ena amangophethira kamodzi n'kudutsa. A mathiraki alibe nthawi imeneyo, amabweza ndi fulu yawo kuphatikiza masipoti a pamwamba aja, ndiye tonse awiri tikudutsana osaona kanthu. Pa Nathenje dalaivala wina wa minibasi anachita kunditsatira nditaima, n'kundifunsa ngati ndinaphunzira kuyendetsa kapena laisensi ndinachita kugula. Sindinamuyankhe chifukwa mkwiyo wake unali ndi chifukwa.

Chomwe chinandiopsa kwambiri n'chakuti kumanzere, komwe ndinkafuna kuwalako, ndiko kuli mdima. Cha ku Linthipe munthu wa njinga atanyamula matumba a makala ndinamuona nditamufika kale pafupi, ndinachita kukhotetsa mwadzidzidzi mabokosi a tomato n'kugubuduzika kumbuyo. Ndi nyali zakale zotopa zija munthu wotere ndinkamuonera patali kuposa apa.

Nditabwera kudzadandaula, mnyamata wanu anaseka, amvekere HID ndi choncho, anthu ndi nsanje chabe, azolowera. Inuyo munatuluka mu ofesi, munayatsa nyali masana dzuwa lili pamutu, n'kunena kuti zikuyaka bwinobwino, vuto lili pati? Abwana, ine sindinanene kuti sizikuyaka. Ndinanena kuti zikuwalira kolakwika.

Ndinapita kwa mmisiri wina wa zamagetsi a galimoto ku Biwi, bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Anandiuza kuti ndibwere dzuwa likalowa. Anaimika galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma, n'kuyatsa dimu. Pa khomapo panaoneka mzere wolekanitsa kuwala ndi mdima, wakuthwa bwino monga projector imachitira. Koma mzerewo unali wotsika kumanzere, ndipo pakati unkakwera n'kupita m'mwamba mbali ya kumanja. Bamboyo anangoloza ndi sikuludiraiva n'kundifunsa kuti, mphwanga, galimoto zokumana nazo zimadzera mbali iti?

Nkhani yonse yagona pamenepo, ndipo inu amene mumadya ndalama za ntchito imeneyi mumayenera kuidziwa kuposa ine wogulitsa tomato. M'kati mwa projector muli kachitsulo kotchinga kuwala, ndipo ndi kamene kamadula mzere uja. Kachitsuloko sikafanana dziko lonse lapansi. Kuno ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, chimodzimodzi ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, South Africa, komanso ku Japan komwe galimoto zathu zambiri zimachokera. Nyali ya dimu ya mayiko amenewa imakweza kuwala kumanzere kuti dalaivala aone woyenda pansi ndi zikwangwani, ndipo imatsitsa kumanja kuti wokumana naye asathobwe. Ku China, ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya amayenda kumanja, ndiye nyali zawo zimachita motembenuza. Inu munandiikira za kumeneko. Kuwala komwe kumayenera kugwera pa munthu wa njinga kukulowa m'maso mwa dalaivala wa basi yodzaza anthu.

Musati mwina bamboyo akunama pofuna kukuonongerani bizinesi. Kabokosi komwe ma projector anabweramo anyamata anu anakasiya pansi pa mpando wa kumbuyo. Pambali pake palembedwa LHD, kutanthauza kuti ndi za galimoto za chiwongolero cha kumanzere. Chithunzi chake ndaika m'munsimu pamodzi ndi cha khoma lija. Ogulitsa katunduyu amafunsa poitanitsa ngati mukufuna LHD kapena RHD, za chiwongolero cha kumanja ngati zathu. Kaya simunawerenge, kaya munapeza zotchipa n'kuganiza kuti Amalawi sazindikira, mukudziwa ndinu.

Kuonjezera apo, nyalizo simunazitchere n'komwe. Dimu imayenera kupendekera pansi pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndiye pa mamita 10 mzere umayenera kutsika masentimita 10 kuchokera pa msinkhu wa nyali. Wanga unali pamwamba pa msinkhu wa nyali galimoto ili yopanda katundu. Tsono taganizani Probox itasenza kachewere kumbuyo, mphuno itadzuka. Ya kumanzere nayo ndi yopendekeka ndipo imagwedera ndikaponda hampu, chifukwa nati yogwira projector kumbuyo sinamangidwe mokwanira. Ntchito yotchera ndi ya mphindi zochepa, imangofuna khoma, tepi yoyezera ndi mdima. Galimoto yanga munandipatsa masana, ndipo palibe anaiimikapo pa khoma.

Mwina wina anena kuti nyali zosatchera zadzaza kale m'misewu yathu, chachilendo n'chiyani. Chachilendo ndi mphamvu yake. Babu la H4 pa dimu limatulutsa kuwala kwa ma lumen pafupifupi 1,000. Babu labwino la HID la 35W limafika cha m'ma 3,000. Kulakwitsa komweko kumapweteka katatu. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amafuna kuti galimoto ya nyali zamphamvu chotere ikhale ndi makina odzitsitsira okha nyali ikalemedwa kumbuyo, komanso timipopi totsuka magalasi a nyali. Probox yanga ilibe zimenezo, ndipo mmisiri woona mtima akanandichenjeza kuti pamafunika kusamala kwambiri potchera, makamaka galimoto yonyamula katundu.

Za mababu tinagwirizana momveka. Ndinati ndikufuna oyera wamba, a 4300K, mtundu womwe mafakitale a galimoto amaika, chifukwa ku Dedza kumagwa chifunga ndipo nyengo ya mvula inali pafupi. Munavomera. Bambo a ku Biwi atatulutsa babu limodzi, patsinde pake palembedwa 8000K. Nambala imeneyi ikamakwera sikuti kuwala kukuchuluka, ndi mtundu chabe ukupita ku buluu, ndipo kuwala kwenikweni kumachepa. Buluu ameneyu amakongola pa kanema wa pa Facebook, ndikuvomereza, anyamata a m'tauni amamukonda. Koma pa tala wonyowa amangomira, maenje osaoneka, ndipo m'chifunga cha pa Bembeke ndimangoona chimtambo choyera patsogolo pa boneti.

Mawaya ndiye ndinachita manyazi bamboyo atatsegula boneti. Olumikiza mongopota ndi zala, n'kukulunga tepi yakuda imene yayamba kale kumatuka ndi kutentha. Palibe relay, kaswitchi kotengera magetsi ku batire, palibe fiyuzi yakeyake, magetsi angotengedwa pa pulagi yakale ya H4. Ballast imodzi, kabokosi koyatsira babu la HID, yamangiriridwa ndi mphira ya chubu pafupi ndi pomwe madzi a m'matayala amathovukira. Kabokosi kameneka poyatsa babu kamaponya ma volt opitirira 20,000, si chinthu chomangirira ngati nkhuku pa keriyala ya njinga.

Zotsatira za mawaya amenewa ndi zomwe zatsala pang'ono kundipha. Babu la H4 lili ndi timawaya tiwiri m'kati, ka dimu ndi ka fulu, ndipo ukasintha, kena kamazima kena n'kuyaka nthawi yomweyo. HID sigwira choncho. Babu ndi limodzi, limayenera kukhala chiyakire, ndipo fulu imabwera kachitsulo kotchinga kaja kakagwetsedwa ndi kamaginito. Pamafunika waya wapadera wokhala ndi relay woti ballast isaduke magetsi posintha. Inu simunaike. Ndiye ndikachoka pa dimu kupita pa fulu, nthawi zina nyali zonse zimathima kaye, mdima wa ndiweyani, kenako zimayamba mofooka n'kumakwera pang'onopang'ono, pakuti HID imatenga timasekondi kuti ifike pa mphamvu yake. Zinandichitikira pa kona, ndikutsetsereka, katundu ali wodzaza. Panopa fulu sindiikhudzanso, ndimayenda pa dimu yokhayokha yothobwa anthu ija.

Mvula yoyamba itagwa, nyali zonse ziwiri zinachita nthunzi m'kati, madontho kuyenderera pa galasi. Nyali ya fakitale imamatidwa ndi phula lakuda lofewa, lomwe mmisiri amalitenthetsa potsegula ndipo potseka amaika lina latsopano. Inu munapaka silikoni woyera wa m'bafa, wina mpaka anadontha pa bampala. Chivindikiro cha mphira cha kumbuyo munachiboola ndi mpeni podutsitsa mawaya, bowo n'kulisiya pululu. Fumbi la m'chilimwe lalowa, madzi alowa, ndipo galasi la projector lomwe munkalitama lija layamba kale kuchita mbuu.

Ndinafunsa bamboyo ngati tingangobwezeretsa mababu akale ndiiwale za ndalama. Anapukusa mutu. Anyamata anu anadula ndi kuboola mbale yonyezimira ya m'kati kuti projector ikwane, pomwe alipo ma projector olowa pa bowo la H4 popanda kudula kalikonse. Nyali zomwe ndinabwera nazo zinali zotopa koma zinali zamoyo. Lero ndilibe zakale, ndilibe zatsopano.

Ndakhala ndikubwera, ndipo mayankho anu ndawaloweza. Bwerani Lachisanu. Katundu ali m'njira, wachedwa pa boda. Amene anagwira ntchitoyo anapita kumudzi kumaliro. Tsiku lina munandiuza kuti ndiwonjezere ndalama mundiikire ma LED, ngati kuti vuto ndi mtundu wa babu. Babu lililonse mungaike kumbuyo kwa kachitsulo kolakwikako lidzaponyabe kuwala m'maso mwa anthu. Pomaliza munati galanti yatha chifukwa ndinakatsegulitsa kwina. Bambo a ku Biwi sanamatule nyali, anangoyang'ana, kutulutsa babu limodzi n'kubwezera. Ndipo galanti yomwe mukunenayo inalembedwa pati, poti ngakhale risiti ya pepala munakana kundipatsa?

COF ya galimotoyi, chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ikutha posachedwa, ndipo sindingapite nayo kokayezetsa ili chonchi, nyali zodzaza madzi, zowalira kolakwika. Tsiku lililonse lomwe yaima ndi tomato woola ndi makasitomala opita kwa ena.

Zomwe ndikufuna si zambiri. Mundigulire nyali ziwiri za Probox zosadulidwa, zakale za ku Japan zilipo m'mashopu a zipangizo, ndipo mundibwezere ndalama yanga. Ngati mukuumirira kukonza nokha, ma projector akhale a RHD, ndione kabokosi musanatsegule, mababu a 4300K, relay ndi fiyuzi, phula lenileni lomatira, ndipo titchere limodzi pa khoma kutada, ine ndili pomwepo. Sabata ino ikatha osandiimbira, ndikukasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi zithunzi, uthenga wa ndalama ndi kabokosi kaja.

Palinso china chomwe si cha ine ndekha. Pa tsamba lanu pali zithunzi za galimoto zambiri zomwe mwaziika ma projector, ma Sienta, ma Vitz, ngakhale minibasi. Ngati zonsezo zinachokera mu katoni imodzi ndi zanga, ndiye kuti zili pa msewu usiku uno zikuchita zomwe yanga ikuchita, eni ake akudabwa chifukwa chomwe aliyense akuwaphethirira. Manambala awo muli nawo, aimbireni abwere.

Inu amene munaikitsa pa garaja imeneyi, musadikire foni yawo. Madzulo ano imikani galimoto moyang'ana khoma, yatsani dimu, khalani pa mpando wa dalaivala muone mzere. Ukakwera kumanzere, muli bwino, ingoonani kuti sunapitirire msinkhu wa nyali. Ukakwera kumanja, jambulani muike pansi pa uthenga uno, tipitire limodzi.