Chilengezo kwa mamembala: kuyeza galimoto ndi kompyuta

Akuluakulu ndi achinyamata nonse a m'gulu lathu la amakaniko kuno ku Mzuzu, tikukudziwitsani kuti Loweruka likudzali tidzakumana pagalaja pomwe timasonkhana nthawi zonse ku Luwinga, kuyambira 8 koloko m'mawa.

Mukuona nokha magalimoto a ku Japan amene akulowa kudzera pa Songwe. Khutu ndi sipanala zokha sizikukwaniranso. Chakumunsi kwa chiwongolero kuli polumikizira pa mapini 16 potchedwa OBD-II. Mukalowetsapo kachipangizo koyezera n'kukalumikiza ku foni, galimotoyo imakupatsani nambala ya vuto lake. Mwachitsanzo, P0300 ikutanthauza kuti moto sukuyaka bwino m'masilinda. Koma chonde, nambalayo imangoloza njira. Kaya ndi mapulagi, koyilo kapena mafuta, kufufuza ndi kwanu. Zimandimvetsa chisoni kuona kasitomala akugula zipangizo zosafunika chifukwa mmisiri wangowerenga nambala basi, ndiye tsikulo tidzachedwa pamenepa.

Tidzakambanso za magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi omwe, monga Toyota Aqua ndi Prius. Mawaya a mtundu wa olenji a m'magalimoto amenewa amanyamula magetsi oposa mavoti 100, ndipo angathe kupha munthu. Musawakhudze musanaphunzire kudula magetsi ochokera ku batire la galimotoyo.

Ophunzira a ku Mzuzu Technical College ndi onse amene akuphunzira ntchitoyi kudzera ku TEVETA ndinu olandiridwa, makamaka atsikana. Tengani foni yotchaja bwino, kope ndi cholembera. Amene muli ndi kachipangizo koyezera, tibwerekeniko tsikulo, ndipo muwadziwitse alembi pofika Lachinayi.