Ligi ya ku Nepal yandisiyira chilonda

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Kathmandu ndilipo, kungoti kuzizira kwa Januwale kwafika m'mafupa. Munandifunsa tsiku lija kuti ndikupirira bwanji kukhala opanda mpira Loweruka masana. Pafoni sindinakuyankheni bwino, ndiye lero ndati ndikhale pansi ndikulembereni, chifukwa nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima.

Mpira uliko kuno, ndipo si wadzana. Ligi yawo yaikulu amaitcha Martyr's Memorial A-Division League, inayamba mu 1954. Ine ndinaitsatira yonse mu 2023, kuyambira Malichi mpaka Juni, matimu 14, pafupifupi onse a m'chigwa chomwechi cha Kathmandu. Muli a asilikali, Tribhuvan Army, muli Nepal Police ndi APF (Armed Police Force, apolisi a zida), monga momwe kwathu tilili ndi Moyale ndi Blue Eagles. Kuno tsiku lopuma linali Loweruka, Lamlungu anthu ankapita kuntchito, choncho Loweruka ndinkalawirira ntchito zapakhomo kuti ndikapeze malo ku Dasharath, bwalo lalikulu la ku Tripureshwor.

Kumeneko ndinapeza mnzanga, bambo wina wachikulire amene ndinkangomutcha "dai", kutanthauza achimwene aakulu. Ankabwera ndi mtedza wokazinga m'kapepala, n'kundithira wina m'dzanja osalankhula. Tiyi wamkaka tinkagula m'timakapu ting'onoting'ono, wotentha moti umachita kusinthasintha manja. Chinenero chathu chinali chigoli basi. Iye ndi wa Manang Marshyangdi, timu yomwe yatenga ligiyi kasanu ndi katatu, ndipo ankandionetsa zala zisanu ndi zitatu nthawi iliyonse ikalowa m'bwalo.

Koma chaka chimenecho sichinali cha Manang, sichinalinso cha Machhindra yomwe inali itatenga chikho kawiri motsatizana. Chinali cha Church Boys United, anyamata a ku Balkumari ku Lalitpur. Achimwene, timu imeneyi inali itangolowa kumene mu ligi kuchokera ku B Division, komwenso inafika posachedwa kuchokera ku C. Anthu ankati yabwera kudzaona tauni, ibwerera. Masabata akupita, iyo osatsika. Poyamba dai ankapukusa mutu, kenako anayamba kukhala chete akagwira mpira anyamatawo, ndipo tsiku lina ndinamuona akuwaombera m'manja pang'onopang'ono ngati akuchita manyazi. Pofika Juni, mvula ya monsoon ikusonkhana pamapiri, Church Boys anali akatswiri a dziko lonse m'chaka chawo choyamba. Ndaonera mpira kuyambira tili ana pa bwalo la sukulu lija, koma chotere ndinali ndisanachione ndi maso anga.

Tsono chimene chikundiwawa ndi ichi. Chichokereni Juni uja mpaka Januwale uno wa 2025, ligi sinaseweredwenso. Chaka chonse cha 2024 chadutsa zii. Si koyamba ayi. Chivomerezi cha pa 25 Epulo 2015 chinawononga Dasharath, ndipo ligi yomwe inali itaima kale inadzabwerera mu 2018. Inde, pali Nepal Super League imene inayamba mu 2021, ya matimu a mizinda, yokhala ndi magetsi ndi zoimbaimba, ndipo imakoma. Koma imatha m'masabata ochepa. Munthu sangadyetse banja chaka chathunthu ndi malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri. N'chifukwa chake osewera ambiri, ena a timu ya dziko yeniyeni, alongedza zikwama n'kupita ku Australia kukagwira maganyu.

Pafupi ndi pomwe ndimakhala pali mnyamata amene amathandiza mayi ake pa kagolosale. Amasewera pakati m'timu ina ya m'magawo apansi. Chaka chija ndinkakumana naye mbandakucha akuthamanga, nsapato za mpira atazikoleka m'khosi, ndipo nkhani yake inali imodzi yokha: ngati Church Boys akwanitsa, ifenso tikwera. Sabata yatha ndikugula mazira ndinapeza pa kauntala pali buku la mayeso a Chingerezi, aja ofunika pofunsira viza. Nsapato zija zili pamsomali kuseri kwa matumba a mpunga, zachita fumbi. Ndinafuna kumuuza kuti adikire pang'ono, koma mawu anandithera, chifukwa ndikanamuuza kuti adikire chiyani?

Dai ndinakumana naye kamodzi ku msika wa Asan. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kuloza cha ku Tripureshwor, n'kutambasula manja.

Mundilembere za kumeneko, mundiuze ngati mwana wanu wamkulu uja akadali pagolo. Jezi imene ndinamugulira ndidzabwera nayo ndekha. Moni kwa onse pakhomo.

Ndine mnzanu wa kalekale.