Olumikiza makina a msonkho avomerezenso kusenza zolakwa zawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za makampani amene amagulitsa ndi kulumikiza mapulogalamu a Smart Invoice m'mashopu a ku Kamwala, Cairo Road ndi madera ena a mu Lusaka muno.

Kuyambira pa 1 July 2024, aliyense wolembetsa msonkho wa VAT akuyenera kutulutsa invoisi kudzera mu Smart Invoice, njira ya pa kompyuta ya ZRA (bungwe lotolera msonkho) imene inalowa m'malo mwa timakina totulutsa malisiti ta EFD. Amene ali kale ndi pulogalamu yawo yowerengera katundu amailumikiza ku ZRA kudzera pa VSDC, pulogalamu yotumiza mainvoisi ku ZRA, ndipo ntchitoyi imafuna kampani imene pulogalamu yake ZRA inaiyesa ndi kuivomereza. Mpaka apa zili bwino. Koma chimene chimayesedwa ndi pulogalamu. Mnyamata amene wabwera ndi laputopu kudzalowetsa katundu wanu mmodzimmodzi, palibe amene anamuyesa, ndipo akalakwitsa, chindapusa chimagwera mwini TPIN, nambala ya wokhoma msonkho.

Cholakwa chofala kwambiri chili pa gulu la msonkho. Katundu aliyense amapatsidwa gulu lake: wa 16 peresenti, wa ziro peresenti, kapena wosakhudzidwa ndi VAT. Awiri omalizawa anthu amawasokoneza chifukwa onse wogula salipira kanthu, koma wa ziro amakulolani kubwezeredwa VAT imene munalipira pogula, pamene winayo salola. Tiyerekeze kuti simenti yaikidwa m'gulu lolakwika. Mukagulitsa ya K11,600, msonkho wa K1,600 umene uli m'kati mwake suoneka pa invoisi, koma boma lidzaufunabe, pamodzi ndi chiwongoladzanja, tsiku limene adzabwere kudzaona mabuku. Wogula anapita kalekale.

Palinso TPIN ya wogula. Ngati malo ake pa invoisi asiyidwa opanda kanthu, kampani yogulayo singabwezeredwe VAT yake, ndipo mawa ikagula kwina. Magetsi kapena intaneti zikathima, mainvoisi amaunjikana m'kompyuta osafika ku ZRA. Ngati wolumikiza sanakonze zoti azitumizidwa zikabwerera, zimene mudzalembe pa ritani (fomu ya msonkho) yofunika kuperekedwa pofika pa 18 mwezi wotsatira zidzasiyana ndi zimene ZRA ikuona. Katundu wobwezedwa nayenso amafuna credit note (chikalata chosonyeza kubweza) yotchula nambala ya invoisi yoyamba, osati kungofufuta.

Ku America, zigawo zoposa 20 zimene zili m'pangano la Streamlined Sales Tax zinapeza njira ina. Boma limayesa kampani yothandiza amalonda, kuiona ngati ikuwerengera msonkho molondola, kenako kampaniyo ndi imene imawerengera, kulemba ritani ndi kupereka ndalamazo. Ikalakwitsa kuwerengera pamene wamalonda anaipatsa zoona, mlandu ndi wake. Msonkho wawo ndi wosiyana ndi VAT yathu, koma mfundo yoti wodya ndalama za ntchito asenzenso zolakwa zake ingagwire ntchito kunonso.

Ndikupempha ZRA kuti chivomerezo chizikhala ndi tsiku lothera, chiziunikidwanso, ndipo kampani imene makasitomala ake akugwa m'cholakwa chimodzimodzi ichotsedwe pa mndandanda poyera. Pakhalenso lamulo loti wolumikiza asiye chikalata chosainidwa chosonyeza gulu la msonkho limene waika pa katundu aliyense.

Podikira zimenezo, amalonda anzanga, musanalipire aliyense yang'anani dzina la kampani yake pa mndandanda wa ZRA, osati pa pepala limene wakuonetsani yekha. Asanachoke, gulitsani chinthu chimodzi cha gulu lililonse, sikanani QR code ya pa invoisi ndi foni, muone ngati ikutsimikizika. Wokulemberani ritani mufunseni nambala yake ya ZICA, bungwe la owerengera ndalama. Ndipo pasiwedi ya TaxOnline, tsamba la ZRA la pa intaneti, pamodzi ndi nambala ya foni ndi imelo zolembedwa pamenepo, zikhale zanu, chifukwa makalata ochenjeza amapita kumeneko.

Wowerengera ndalama za amalonda,
Kamwala, Lusaka