Iwe, uonere filimu ya Charulata

Mnzanga,

Muli bwanji kumeneko ndi kuzizira kwanuko? Kuno tili bwino, ana akukupatsa moni. Nkhani zina ndikuuza pa foni, lero ndalemba chifukwa cha filimu ina yomwe yandisowetsa tulo, usaseke.

Ndi ya chimwenye koma osati zovinavina za ku Mumbai tinkaonera ku video show zija ayi, iyi ndi ya ku Calcutta, amayankhula Chibengali, ya black and white, dzina lake Charulata. Anaipanga Satyajit Ray mu 1964 ndipo nkhaniyo anaitenga kwa Rabindranath Tagore, mlembi uja anawina mphoto ya Nobel mu 1913, mkabuku kake ka mu 1901 kotchedwa Nastanirh, kutanthauza chisa chophwasuka. Ndinaonera pa laputopu ndikuwerenga ma subtitle, magetsi anathima pakati koma sindinadzuke, ndinangomalizira mumdima momwemo.

Poyambirira penipeni palibe amayankhula kwenikweni. Charu, ndiye Charulata uja, ali yekha mchinyumba chachikulu, watenga timagalasi toonera patali, akuyenda windo ndi windo kusuzumira bambo wina wonenepa wa ambulera akudutsa mumsewu, basi ndiyo ntchito yake imeneyo. Kenako mwamuna wake Bhupati akudutsa pakhonde maso ali m'buku, kumudutsa mkazi wake chapafupi osamuona nkomwe, ndiye iye akukweza timagalasi tija kumuyang'ana mwamuna wake yemwe ngati munthu wa mumsewu. Iwe! Ndinaimitsa kaye pamenepo.

Chomwe chikundipweteka nchoti Bhupati si woipa. Samenya, samwa, sayenda ndi akazi, mtima wake wonse uli pa nyuzipepala yake The Sentinel ndi ndale za ku London, ndi cha mma 1880 nthawi ya atsamunda. Ataona kuti mkazi akusungulumwa anaitana achimwene ake a Charu, Umapada, ndi akazi awo kuti adzakhale nawo, nkupemphanso msuweni wake Amal kuti azicheza ndi Charu za mabuku ndi kumulimbikitsa kulemba. Mwachidule ntchito yocheza ndi mkazi wake anaigawira ena ngati ganyu.

Ndiye ukudziwa wekha za chilamu, kwa iwonso mlamu wamng'ono ndi munthu woseka naye, palibe amadabwa. Amakhala kudimba la maluwa, Charu ali pa katungwe akuimba, Amal wagona pa mphasa akulemba, ndipo palibe kugwirana kapena kunena kuti ndimakukonda, koma umaona nkhope ya Madhabi Mukherjee, amene akusewera Charu, ikusintha pang'onopang'ono mpaka iye mwini kuchita mantha. Charu anamusokera Amal masilipasi. Analemba nkhani ya kumudzi kwao, itatuluka m'magazini anapita kukamumenya nayo Amal pamutu, kenako nkulira atamukoleka pachifuwa.

Umapada uja anaba ndalama za nyuzipepala usiku womwe Bhupati ankachita phwando loti chipani cha Liberal cha Gladstone chawina chisankho ku England, tangoganiza. Bhupati atasweka mtima nkumuuza Amal kuti amene ndatsala naye womukhulupirira ndiwe, Amal manyazi anamugwira, anachoka usiku osatsazika. Kalata ya Amal itabwera Charu anadzigwetsa pa bedi kulira akutchula dzina lake, osadziwa kuti mwamuna wake wabwerera ali pakhomo.

Pomaliza Bhupati akubwera kunyumba, Charu akumuuza kuti alowe, akutambasulirana manja koma asanakhudzane chithunzi chikungouma pomwepo. M'buku zimatha mowawa kuposa apa, bamboyo akupita ku Mysore kukagwira ntchito, pomaliza akuti tiye tipite limodzi, mayiyo nkukana. Ray anapata nayo mphoto ku Berlin mu 1965, ine sindikudabwa.

Bambo a kwathu kuno anali pompo pa sofa nthawi yonseyo, maso pa foni, za mpira. Nditatseka laputopu anandifunsa kuti yatha? Ndinati eya yatha. Sindinakwiye, ndinangowayang'ana kanthawi ndithu, iwo osadziwa.

Uipeze uonere Loweruka ukaweruka, kenako undiuze ngati Amal ankadziwa kuyambira pa katungwe paja, ine ndikuti ankadziwa koma ankadzipusitsa dala. Apatse moni alamu.

Ndine mnzako uja wa ku Zomba