Akuba mabatire tikuwadyetsa ndife ogula

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi oyendetsa galimoto anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndimakhala ku Luchenza m'boma la Thyolo, ndipo ndili ndi Sienta imodzi yomwe ndimanyamulira anthu kupita ku Thyolo boma, masiku ena mpaka ku Bvumbwe. Galimoto imeneyi ndiyo munda wanga. Fizi ya ana, lendi ya nyumba ndi feteleza wa mayi anga kumudzi, zonse zimachokera m'menemo.

Usiku wina mu Julaye kunali chiperoni, kamvula kakuwaza pamalata mpaka mbandakucha. Palibe chomwe tinamva. Nditatuluka m'mamawa kuti ndilize galimoto, ndinapeza kagalasi kakumbuyo kataswedwa, boneti ili yasaa, batire palibe. Sanavutike n'kumasula, mawaya anachita kudula. Magalasi onse awiri am'mbali anawazula. Galu wathu, yemwe amauwa ngakhale mphaka akadutsa, sanauwe usiku umenewo, ndipo mpaka lero zimenezi zimandisowetsa mtendere chifukwa ndiye kuti wobwerayo sanali mlendo pakhomo. Ndinakhala masiku anayi osagwira ntchito.

Si ine ndekha. Mwezi womwewo aphunzitsi ena oyandikana nafe anapeza galimoto yawo itakhala panjerwa, matayala awiri atapita. Mnyamata wa kabaza anamuthyolera nyumba n'kumutengera njinga yamoto yomwe anali asanamalize kubweza ngongole yake. Agogo ena anawazulira sola padenga. Za nkhuku ndi mipope ya madzi sindinena.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba kalatayi ndi chomwe chinachitika tsiku lachiwiri. Ndili pa siteji kufotokozera anzanga, kunabwera mnyamata wina n'kundikokera pambali. Akuti, "Bwana, ndamva vuto lanu, batire ilipo ya dilu." Mtengo wake unali theka la wa m'sitolo. Risiti panalibe, ndipo nditafunsa komwe yachokera anangoti ndi ya achimwene ake. Ndinaima kanthawi ndikuwerengera ndalama zomwe ndikutaya tsiku lililonse. Kenako ndinakumbukira kuti chaka chatha ndinagula nyali yakutsogolo mwa njira yomweyo, osafunsa kanthu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikusangalala kuti ndapulumutsa ndalama. Nyali imeneyo inali ndi mwini wake, yemwe anadzuka m'mawa wina n'kugwira pakamwa ngati mmene ndinachitira ine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Batire ija ndinaikana, ndinakakongola ndalama kubanki mkhonde ya akazi anga n'kukagula yatsopano ku Limbe.

Ndikudziwa chomwe chimatikoka. Kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera moti munthu umachita kupuma kaye usanafunse mtengo, popeza pafupifupi zonse zimachokera kunja. Koma wakuba saba batire kuti akaike pachipinda chake. Amaba chifukwa akudziwa kuti dzuwa lisanalowe wina amupatsa ndalama, ndipo wina ameneyo ndi dalaivala, makaniko, kapena wogula zitsulo zakutha yemwe amangoika pasikelo osafunsa. Anthu ambiri sadziwa kuti kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha pansi pa gawo 328 la malamulo a milandu, Penal Code. Kunena kuti "ndinangogula" sikukupulumutsa ngati mtengo ndi kagulitsidwe kake zimaonetseratu kuti katunduyo ngwakuba.

Kuno kwathu tinakakhala pansi kwa anyakwawa. Tinagwirizana kuti nyumba iliyonse izisonkha K2,000 pamwezi yothokozera anyamata achitetezo cha m'mudzi oyendera usiku, ndipo khomo lililonse likhale ndi wenzulo. Ife a magalimoto tinayamba kulemba nambala ya galimoto pa batire ndi penti, ndi kuizokota pamagalasi ndi panyali. Chinthu cholembedwa TO kapena MJ ndi manambala ake chimavuta kugulitsa, komanso ukachipeza kwa munthu umakhala ndi umboni. Ine ndinapitanso kwa owotcherera kuti andiikire chitsulo chotchingira batire ndi loko.

Pamsonkhano womwewo ena ankafuula kuti tikagwira wakuba tizingothana naye tokha, poti akapita kupolisi mawa timuonanso akuyenda. Mkwiyo umenewo ndikuumvetsa, ndinali nawo. Koma sindingavomere. Usiku wa mdima anthu okwiya sasiyanitsa wakuba ndi munthu wochokera kuntchito ku minda ya tiyi, ndipo moyo wa munthu subwerera. Malamulo amati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo belo sikutanthauza kuti mlandu watha. Chomwe chimapha milandu yambiri ndi ife eni, timakadandaula tsiku loyamba, tsiku la kukhothi osapita kukachitira umboni poopa kutaya makasitomala kapena poti wogwidwayo ndi mwana wa aneba.

Pempho langa kwa apolisi ndi lakuti asamangothamangitsa akuba okha, aziyenderanso malo ogulitsira zipangizo zakale ndi ogula mabatire akutha, azifunsa komwe katunduyo wachokera. Amakaniko, inu ndi amene mumadziwa kuti galasi ili lachotsedwa bwino pagalimoto yangozi, ili lachita kuzulidwa. Musamatimangirire zinthu zoterozo. Ndipo atsogoleri a masiteji a Luchenza, Thyolo, Chonde ndi Chitakale, tiyeni tiike lamulo loti aliyense wobwera ndi chipangizo chogulitsa pasiteji alembedwe dzina ndi nambala ya chiphaso chake m'kope la tcheyamani. Ndakonzeka kugula kope loyamba la siteji yathu.

Ine wanu,
Woyendetsa takisi,
Luchenza, Thyolo