Kwa mwana wanga ku Mfuwe, za injini ya boti ija

Mwana wanga,

Kuno ku Kapata tadzuka bwino, ndipo mwendo wa amayi ako uja wayamba kupola. Ndalemba chifukwa pa foni mawu anali kudukaduka, koma zochepa zimene ndinamvazo zandisowetsa tulo. Unati injini imalira bwino ukangoiliza, mukayenda pang'ono imayamba kutsamwa, ndiye mnyamata wako amafinya kapampu ka papaipi mpaka mufike tsidya lina. Zimenezo uleke lero lomwe. Luangwa wa mu February, madzi akukokolola mitengo, mvuu zili pomwepo, si malo oti injini ikuzimire uli ndi anthu m'boti.

Yamaha 40 yakoyo imalandira oilo kudzera mu petulo, theka la lita pa malita 25. Petulo akamafika wochepa ndiye kuti oilonso akufika wochepa. Pisitoni imatentha, tsiku lina idzagwira, ndipo ndalama yake idzadya zonse zimene wapeza dzinja lino.

Usathamangire kumasula kabyuleta, muja mosakanizira petulo ndi mpweya. Ine ndinachitapo zimenezo ndili wachinyamata, pa Kariba, boti likugwedezeka, jeti, kachitsulo kakang'ono kabowo kodutsira petulo, n'kugwera m'madzi. Tinagona panyanja usiku wonse ndi anthu atatu amene anandikhulupirira. Kutacha munthu wina anangopotokola kachitsekerero kakang'ono ka pamwamba pa chivindikiro cha thanki, tinamva mpweya ukulowa kuti fyuu. Vuto linali lomwelo. Thanki ikatsekedwa mpweya, petulo amatuluka kwa mphindi zingapo kenako amakanika, nthawi zina mpaka thanki yapulasitiki kuphwa m'mbali. Ndiye yambira pamenepo, n'kumatsata njira ya petulo pang'onopang'ono mpaka ku injini.

Kapampu ka m'manja kaja kamanena zambiri ukakamvetsera. Kamuvi kake kaloze ku injini. Kafinye injini ili chete: kayenera kulimba. Kakakana kulimba, penapake pakulowa mpweya, mwina paipi yang'aluka ndi dzuwa la kuchigwako, mwina kamphira ka m'cholumikizira katha, mwinanso mavavu a m'kapampumo afa. Kakaphwa injini ikulira n'kukhala chophwa, chotsekeka chili kumbuyo kwake, ku thanki, pa mpweya paja kapena pa kasefa ka pansi pa thanki. Koma zako zija, zoti kapampu sikaphwa ndipo injini imatsitsimuka mukangofinya, ine ndikuganizira pampu ya pa injini penipenipo. M'kati mwake muli kamphira kopyapyala kamene kamakankhidwa ndi mpweya wa m'injini. Kakauma kapena kubooka, dzanja la mnyamata wako ndilo likugwira ntchito yake. Chotsa mapulagi uone: ngati imodzi yanyowa ndi petulo kuposa inzake, kamphirako kabooka ndipo petulo akudutsira pamenepo.

Tsono za petulo amene ukugula. Ndikudziwa kuti wa m'zigubu ali pafupi ndipo amakukongoza, koma nyengo ino zigubu zimagona pamvula. Thira pang'ono m'botolo loyera, uliike pansi kanthawi. Madzi ndi olemera, amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino. Chitanso chimodzimodzi ndi kakapu ka fyuluta kali pansi pa chivindikiro cha injini: masula, taya madzi ndi zinyalala, bwezera kamphira kake pamalo pake, apo ayi mpweya uzilowera pomwepo. Petulo wosakaniza amene wakhalitsa miyezi usamumvere chisoni, amasiya phula m'timabowo.

Zonsezi zikakhala bwino, pamenepo ndiye ufike ku kabyuleta, uli kumtunda, utayala nsalu yoyera pansi. Yamba wamasula kasikuluwu ka pansi pa kambale kake uone chimene chituluke. Injini ikamalira bwino pang'onopang'ono koma n'kufa ukawonjezera moto, kawirikawiri jeti yaikulu yatsekeka. Itsuke ndi petulo woyera, uipope ndi mpweya. Waya ayi, singano ayi, zimakulitsa bowo ndipo injini sidzakhalanso monga kale. Paipi usamayamwe ndi pakamwa monga amachitira anzako aja, ndipo wosuta fodya akhale kutali.

Ndapeza kamphira ka pampu, paipi yatsopano ndi kapampu kake. Ndipereka kwa dalaivala wa minibasi Lachisanu m'mawa, ukadikire pa siteji. Mpaka utaika zimenezi ndi kuyesa boti lopanda anthu, kukwera ndi kutsika mtsinje kwa theka la ola osagwira kapampu, usanyamule munthu, ngakhale abwana akukakamize. Nkhafi ziwiri zisachoke m'botimo.

Amayi ako akuti apongozi atumizire nsomba zouma zija analonjeza, ndipo adzukulu abwere pa holide ya April. Ukamasula pampu undiimbire ndili pafupi ndi foni, undiuze mmene kamphira kakale kakuonekera.

Ndine atate wako,
ku Chipata